Bizinesi ya Munthu Mmodzi

"Ndiye kuti inuyo, bambo, kulibe. Boma silikudziwani. Mutati mwafa lero, mapepala onse adzanena kuti mu shopu muno munkagwira ntchito munthu mmodzi, ndipo munthuyo si inu."

"Tsika pa mpando wa eni ake. Guluu sanaume," anayankha a Siponji osadzutsa mutu.

Mwana wawoyo anatsika, n'kudzigwira kumbuyo kwa siketi kuti amve ngati yamata. Anthu a mu msewuwo ankamutchula Kunjakuja, chifukwa chibwerereni kunja, komwe ankasamalira nkhalamba za eni ake uku akuphunzira zowerengera ndalama, mawu ake onse ankayamba choncho. Kunja kuja basi imafika pa nthawi yake. Kunja kuja munthu saima pamzere kuti apereke ndalama zake zomwe. Ntchito anali asanaipeze, motero ankaswera mu shopu ya bambo ake, kuyendayenda pakati pa mipando ngati nkhuku yofuna poikira.

Shopuyo inali chipinda chimodzi chachitali, chopanikizika pakati pa wogulitsa matayala akale ndi mayi woluka tsitsi. Pakhomo pankakhala masofa ong'ambika, miyendo m'mwamba, masipuling'i ali pamtunda ngati nthiti. Mkati munali makina osokera achitsulo chakuda, olemera moti anthu awiri sangawanyamule, osoka ngakhale chikopa. Kumbuyo kunali mulu wa siponji wofika kudenga, umene unawapatsa dzina bambo ake a Kunjakuja. Pamwamba pa chitseko panali chikwangwani, ndipo dzina lolembedwapo linali la akulu awo, a Nyundo. Wopenta analilemba motsanzira siginecha ya eni ake, ya mchira wautali wozungulira pansi, poti a Nyundo ankainyadira siginechayo kuposa masharubu awo.

A Nyundowo anali pomwepo, pa mpando wandalema umene kasitomala wina anausiya osabweranso. Anali atawodzera, kamwa litapendekera kumanzere, dzanja lamanja lili pamwendo ngati chinthu chimene munthu wina waiwala.

"Tsitsa mawu," anatero a Siponji. "Bambo ako aakulu sagona ndi makutu."

Shopu anaitsegula a Nyundo kalekale. Makolo awo atamwalira, anatenga mng'ono wawo, ali mnyamata wosiya sukulu, n'kumuika pa ntchito yokoka nsalu. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali aka: a Nyundo ankadzaza timisomali mkamwa, n'kumatulutsa kamodzikamodzi ndi lilime, mutu wake utaloza kunja, n'kukanyamula ndi nyundo ya maginito, kho! kalowa m'thabwa. Mng'ono wawo ankagwira nsalu ndi manja onse, bondo litatsamira chimango cha mpando, kuikoka mpaka khwinya lililonse litatha. Munthu amene ali ndi misomali mkamwa salankhula zambiri. Mawu amene ankatuluka anali amodzi, opyola m'mano: "Koka!" Zaka zinatha choncho. Anakwatira onse, anabereka, anamera imvi, koma kukhala pansi n'kukambirana kuti shopuyi ndi ya yani, sanachitepo. Panalibe chifukwa. Sabata ikatha a Nyundo ankagawa zimene zapezeka pakati ndi pakati, ndipo sanamudyerepo mng'ono wawo ngakhale kamodzi.

Za msonkho nazo anali nazo njira yawo. Munthu wodzilemba yekha ntchito alibe bwana womudulira msonkho pa malipiro. Amadzidula yekha, ndipo ambiri mpeni umawakanika. Abale awiriwa anali ndi chitini chakale cha penti chimene ankachitcha "cha boma". Kasitomala akalipira, gawo loyamba linkalowa m'chitinimo wina asanaganize za buledi. Malisiti a siponji, nsalu, guluu ndi magetsi ankawabaya pa waya wopachikidwa kukhoma, chifukwa zimene wagulira ntchito amazichotsera asanakuwerengere msonkho. Nthawi yopereka ikakwana, a Nyundo ankavala jekete, n'kupita okha ku ofesi. Boma limafuna uzilipiriratu pang'onopang'ono chaka chisanathe, mongoyerekeza zimene upeze, ngati kuti munthu amadziwa kuti masofa angati ang'ambika mwezi wamawa. Iwo sanachedwepo. Wamatayala ankawaseka kuti amapembedza chitini.

Kenako inabwera sitiroko. Chakudza sichiimba ng'oma: a Nyundo anagwa m'mawa wina akutsegula loko wa shopu. Anatuluka m'chipatala mbali imodzi itafa, mawu akutuluka olemera ngati akudutsa m'thonje. Timisomali tinatha ntchito. A Siponji anagula chida chokhomera mapini, n'kuphunzira kukoka ndi dzanja limodzi, kukhoma ndi linalo. Chitini ankadzaza okha, jekete ankavala okha, ku ofesi ankapita okha, n'kukapereka msonkho m'dzina la akulu awo. M'mawa uliwonse alamu awo, akazi a Nyundo, ankawakankha amuna awowo pa njinga ya odwala kudzawasiya pa mpando uja, ndipo a Nyundo, akaona nsalu ikukhwepa, ankakuwabe ndi mbali yamoyo ya kamwa lawo: "Koka!"

"Njira zilipo zitatu basi," anapitiriza Kunjakuja, mawu atatsitsa koma zala ataziimika. "Yoyamba ndi imene muli nayoyi, bizinesi ya munthu mmodzi. Munthuyo ndi bizinesiyo ndi chinthu chimodzi. Msonkho ukatsalira, amagwira nyumba yake. Akamwalira, bizinesi yamwalira, katundu ndi wa ana ake."

"Usamatchule imfa munthu ali pompo."

"Yachiwiri ndi ya mgwirizano. Mumalembetsa nonse awiri, phindu pakati, msonkho aliyense wake, ndipo pepala limanena kuti wina akachoka wotsalayo apitiriza. Yachitatu ndi kampani. Iyo imakhala ngati munthu payokha, siifa. Koma imafuna wowerengera ndalama wa satifiketi chaka chilichonse, ndipo ameneyo adzadya chitini chanu chonse n'kunyambita chivindikiro."

"Iweyo si wowerengera ndalama?"

"Satifiketi yanga kuno akuti saidziwa."

"Ndiye tafanana. Nawenso kulibe."

Kunjakuja anafuna kuseka koma anakana. "Yachiwiriyo, bambo. Ndi yotchipa, ndipo ndi zimene mwakhala mukuchita moyo wanu wonse. Chatsala n'kuwauza basi."

Kuwauza basi. Munthu amene wakhalako kwina amaona msanga pamene pakudontha, koma kuona si kufolera. Kuno ulemu ndi katundu wolemera, ndipo amene anausenza ali mwana sadziwa pomwe angautulire. A Siponji akanatha kusenza sofa ya anthu atatu pamutu, koma kuima pamaso pa munthu amene anawalera n'kunena kuti "ndilembeni nanenso" kunali kofanana ndi kunena kuti "mwatha".

Zinthu ziwiri zinawakankha. Choyamba, ku ofesi ya msonkho anasintha kachitidwe: mwini bizinesi aliyense anayenera kukaonekera yekha, kujambulidwa nkhope, n'kulembetsanso. Chachiwiri anali mwana woyamba wa a Nyundo, wogwira ntchito mumzinda wina, amene anabwera kudzaona odwala. Anapereka moni mwaulemu wonse, chipewa kumanja, kenako anazungulira makina aja, n'kuwajambula ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo.

"Bambo aang'ono, makina a bambowa masiku ano angapite pa mtengo wabwino, eti? Ndikungofunsa."

"Akugwira ntchito," anatero a Siponji.

"Eya, panopa."

Sanali mwana woipa. Anali ndi ana akeake ofuna fizi, ndipo mwa lamulo sankalakwa. Icho ndicho chinawaluma a Siponji: makina amene anawathira mafuta ndi manja awo kuyambira ali mnyamata, amene ankadziwa kulira kwake akafuna kudula ulusi, anali "a bambo", ndipo palibe pepala limene likanatsutsa.

A Siponji anayamba ndi alamu awo. Anawapeza kuseri kwa nyumba akuyanika zofunda za odwala, n'kuwafotokozera za mgwirizano uja.

"Alamu, mwachedwa nazo," anatero mayiwo, chopanira zovala chili kukamwa. Anachichotsa. "Ine ndakhala ndikugona ndi diso limodzi. Mutadwala inuyo, chitini chija n'kuuma, a msonkho adzagogoda pa chitseko chiti? Changa. Lembetsani awiri, mugawane katunduyo."

"Ndiye mwina inu mukanawayamba, poti mumakhala nawo."

"Ine? Ndimawasambitsa, ndimawadyetsa, ndimawatembenuza. Ndiwalandenso shopu? Ayi, alamu, imeneyo ndi mbale yanu. Munayamwa bere limodzi."

A Siponji anayesa tsiku lotsatira, Kunjakuja atamutuma dala kukagula ulusi. Anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi akulu awo, chinthu chimene sanachitepo nthawi ya ntchito.

"Achimwene, ku msonkho akufuna mukaonekere. Akujambula anthu."

"Hm."

"Ndiye akuti, poti timagwira awiri, ndi bwino tilembetse awiri. Ya mgwirizano. Akutero iwowo. Dzina pa chikwangwani likhala lomwelo."

A Nyundo anayang'ana sofa imene inali pa benchi, nthawi yaitali. Malovu anatsikira pakona ya mlomo, a Siponji n'kuwapukuta ndi kansalu kotsala.

"Ngodya iyo," anatero a Nyundo, "yakhwinyata."

A Siponji anatembenuka. Inalidi itakhwinyata.

"Tipita," anawonjezera a Nyundo, n'kutseka maso.

A Siponji anawatenga mawuwo ngati kuvomera. Analibe ena oti atenge.

Anapita atatu pa takisi, njinga itapindidwa kumbuyo. A Nyundo anali mu jekete yawo ija, imene tsopano inkawalendewera m'mapewa, cholembera chili m'thumba la pachifuwa. Ofesi yolembetsera inali pamwamba, ndipo pa chitseko cha chikepe panali pepala lopepesa kuti chinawonongeka, lachikasu ndi ukalamba. Mlonda anayang'ana njinga, anayang'ana masitepe, n'kuyang'ana kumbali.

"Kunja kuja izi n'zosaloledwa," anayamba Kunjakuja.

"Nyamula njinga," anatero bambo ake.

Anagwada, n'kubereka akulu awo kumsana. Anadabwa kupepuka kwawo. Siponji yonyowa inkalemera kuposa apa. Dzanja lakufa lija linkawamenya pachifuwa pa sitepe iliyonse. Anthu otsika ankapatuka, ena n'kunena "pepani, bambo", osadziwika kuti akupepesa uti.

Pawindo panali mayi wa magalasi, wa nkhope yotopa koma yosakwiya. Kunjakuja anafotokoza zonse mwadongosolo, mwina mopitirira, mpaka mayiyo anakweza dzanja.

"Ndamva, achemwali. N'zotheka, ndipo sizichedwa. Eni ake asaine apa kuti akuvomera kusintha, ndiwafunse mafunso pang'ono, basi."

A Nyundo anatulutsa cholembera ndi dzanja lamanzere, n'kuchilowetsa pakati pa zala za dzanja lamanja, n'kuzipinda ndi linzakelo kuti zigwire. Cholembera chinagwa. Kunjakuja anatola. Chinagwanso. Kachitatu anakankha dzanja lonse ndi lamanzere, ndipo papepala panatsala mzere wonjenjemera wotsetsereka mpaka m'mphepete. Mayi uja anayang'ana pa kompyuta pamene panali siginecha yakale ija, ya mchira wozungulira, n'kuyang'ananso pepalalo.

"Musavutike, agogo. Tili ndi inki. Mungodinda chala, ine ndichitira umboni."

Anakankha kabokosi ka inki pansi pa windo. A Nyundo anakayang'ana ngati awapatsa mbale ya galu.

"Ine," anatero, liwu lililonse akulikoka pansi pa mtima, "ndinapita kusukulu."

"Palibe akukana, agogo."

"Chala amadinda akuba."

Wina pamzere anaseka, n'kudzigwira pakamwa. A Siponji anawerama. "Achimwene, n'kanthu kochepa. Tingothana nazo."

"Tiyeni tiyambe ndi mafunso, mwina mtima ukhala pansi," anatero mayiyo. "Agogo, bizinesiyi mwini wake ndani?"

"Ine."

"Chabwino. Awa ndi ndani?"

"Mng'ono wanga."

"Mukufuna kuti alowe nawo monga mwini mnzanu, muzigawana phindu, msonkho ndi katundu yense?"

A Nyundo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana a Siponji: imvi zawo, msana wopindika, zala zokakala ndi guluu, munthu wa zidzukulu. Anawayang'ana mwachikondi ndithu, mmene mlimi amayang'anira mbewu imene ikubwera bwino.

"Mwana uyu?" anatero. "Akuphunzira. Dzanja ali nalo. Koma sanakhwime."

Pamzere panalibe anasekanso. A Siponji sanathe kudziwa, ndipo sadzadziwa, ngati anali matenda amene anawabweza akulu awo ku zaka zakale, kapena ngati anali a Nyundo enieniwo, amaganizo awo onse, akunena zimene akhala akuganiza nthawi yonseyi misomali ili mkamwa.

Mayi uja anavula magalasi. "Pepani, bambo. Apa sindingapitirize. Akana ndikumva."

"Sanakane!" anatero Kunjakuja. "Sakumvetsa funso. Mukuona nokha kuti akudwala."

"Ngati sakumvetsa, ndiye sangasaine chilichonse, ngakhale ndi chala. Pamenepo pamafunika kalata ya dokotala, kenako khoti lisankhe wowayang'anira zinthu zawo. Ndipo khoti limaitana mkazi ndi ana, osati mng'ono."

"Nanga bambo anga atsegule yawoyawo?"

"Lero lomwe, ngati akufuna. Ya munthu mmodzi, m'dzina lawo. Koma makina, malo, dzina la shopu, makasitomala amene amafuna nambala ya msonkho yakaleyi, zonsezo ndi za agogowa. Angayambe ndi manja awo okha." Anayang'ana a Siponji. "Mukanabwera kale, nonse muli bwino, inali nkhani ya tiyi asanazizire."

A Siponji anagwedeza mutu. Panalibe woti amukwiyire. Mayiyo sankanama, mwana wa akulu awo sankaba, akulu awo sanawadyerepo. Aliyense anali pamalo pake, ndipo malo awo iwo panalibe.

"Ndiye tiwajambule momwemo?" anafunsa mayiyo.

"Ajambuleni."

Anawawongola jekete, anawapukuta pakamwa, n'kuchoka pambali kuti asalowe m'chithunzi. Kuwala kunathwanima. Makina anatulutsa pepala latsopano, loyera bwino: bizinesi ya munthu mmodzi. Kenako a Siponji anapita pawindo lina, n'kupereka za m'chitini monga mwa nthawi zonse, ndipo lisiti linatuluka m'dzina la a Nyundo.

Potsika, Kunjakuja anatsogola ndi njinga, akuigunditsa dala m'makoma. A Siponji ankatsika cham'mbali, phazi limodzilimodzi, mpweya wa akulu awo ukuwatentha kukhutu. Pokhotera masitepe a Nyundo analankhula, motsitsa, moti anamva ndi iwo okha.

"Iwe."

"Achimwene."

"Dzanjali likachira, tidzabwerenso. Ndidzakusainira bwinobwino. Ndi mchira wake. Osati zodinda zala."

A Siponji anaima. Dokotala anawauza kale, pa khonde la chipatala, alamu awo ali pomwepo, kuti mwendo mwina, koma dzanjalo aliiwale.

"Chabwino, achimwene."

"Ukhale utakonza ngodya ija."

"Ndikonza."

Atawasiya odwala kunyumba kwawo, bambo ndi mwana anayenda wapansi. Kunjakuja anali atafufuma ngati buledi.

"Moyo wanu wonse, bambo. Moyo wanu wonse, n'kukuuzani pagulu kuti simunakhwime. Ine ndikanawasiya pa masitepe pomwepo."

"Ukanawasiya?"

Kunjakuja anayenda pang'ono, n'kuyambanso: "Kunja kuja..." koma anaima pomwepo. Mwina anakumbukira nkhalamba zake zija, za mapepala olongosoka bwino, zimene zinkakhala pawindo kudikira alendo osabwera. Kapena anangotopa. "Ndikapeza ya tikiti ndibwerera," anatero. "Kuno munthu amangomira akuona."

"Ukapite bwino. Unditumizireko ulusi wolimba."

Pa mphambano mwanayo anakhotera kwa mnzake. A Siponji anapitirira okha, kudutsa pa shopu. Chitseko chinali chotseka, masofa atawalowetsa m'mawa, chikwangwani chili pamalo pake, mchira wa siginecha utayamba kusuluka ndi dzuwa. Wamatayala anawakuwira: "Bwanji a Siponji, akupatsani ubwana?" Iwo anangokweza dzanja.

Chakutsogolo, pafupi ndi pokwerera basi, mayi wina anayala zidole pansi: timagalimoto tapulasitiki, mawotchi osayenda, ndi timipira tofewa tamitundumitundu m'beseni. A Siponji anadutsa, kenako anabwerera. Kuchipatala kuja anaonapo odwala ena akufinya timipira totere pofuna kudzutsa manja akufa. Anagwada, n'kuyamba kutifinya kamodzikamodzi ndi chala chachikulu, mmene amayesera siponji: aka n'kolimba kwambiri, aka kakalowa sikabwerera.

"N'ka mdzukulu, bambo? Tengani kofiirako, ana amakakonda."

"N'ka wamkulu," anatero a Siponji.

Anasankha kobiriwira, kofewa pang'ono, kobwerera msanga. Sananenerere mtengo. Anakaika m'thumba la jekete, momwe munali lisiti lija, n'kuyamba ulendo wa kunyumba, dzanja lili m'thumba, akukafinya ndi kukasiya, kukafinya ndi kukasiya.